Mpando Wakutsogolo

Lolemba

Woyamba kundiuza za chithumbachi ndi Che Amidu, wokonza matayala uja wa ku Senga Bay. Akundiuza ali chagada pansi pa galimoto, ine ndikungoyankhula ndi mapazi awo. Koma ayi, ndayambira pakati. Ndiyambe ndi zokoma.

Pabwalo panga pali galimoto! Pompano pa Lifuwu, pakati pa nkhokwe ndi khola la mbuzi! Yakuda bii, yaitali ngati bwato la chilimira. Ukaiyandikira umadziona nkhope yonse, mpaka mano amene anatsalawo.

Mwini wake ndi Esinati, mwana wa malemu mlongo wanga, uja amagwira ntchito ku Lilongwe. Waisiya dzulo. Iye ali ku msonkhano wa kuntchito ku Senga Bay mpaka Lachisanu, ndipo akuti akapita nayo kumeneko anzake amusandutsa dalaivala wawo. Kiyi wasiyira mayi a kunyumba, osati ine. Zimenezo tidzakambirana tsiku lina.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Loweruka kuli chinkhoswe cha Limbani, mlongo wake wa Esinati, ku Khombedza. Nkhoswe yaikulu ya kuchimuna ndani? Ine. Nanga nkhoswe yaikulu imakhala pati m'galimoto? Kutsogolo!

Zimene ndakwerapo chibadwire:
- matola, kumbuyo, pamwamba pa matumba a usipa
- lole ya mpunga, kumbuyo
- kabaza, kumbuyo (nanga kulinso kwina?)
- minibasi, mpando wothera, mwana wa eni ake ali pamiyendo panga
- ambulansi kamodzi, kumbuyo, chogona

Kutsogolo sindinayambe ndakhalako. Mutu wonse kuyera mbuu chonchi, msewu ndimangoudziwa mmene umathawira, mmene umabwerera ayi.

Ndasuzumira pagalasi. Mpandowo ndi wachikopa, wofewa ngati khutu la mwana wa ng'ombe. Uli ndi pake potsamiritsa mutu. Pake poika mkono. Abale inu, mpaka pake poika kapu!

Tsono masana n'kumene kwabwera Che Amidu, atumidwa ndi Esinati kuti adzaone tayala limene likuphwa. Alowa pansi, ndipo ali momwemo akuti: "Walahi, akulu, mtundu uwu ndi uja eni ake anauitanitsa."

Ndimvetse bwino ndisanaiwale. Kutsogolo kwa mpando wangawo, m'kati mwa dashibodi, muli chithumba chopinda. Iwo akuti eyabagi. Galimoto ikagunda chinthu, chithumbacho chimafufuma kamodzin'kamodzi, nkhope yako n'kugwera pofewa. Nzeru zabwino. Chimene chimachifufumitsa ndi wonga, ngati wa mfuti ya gogodela. Koma wonga wa mtundu uwu akuti umaonongeka ndi chinyezi. Ukaonongeka, m'malo mofufumitsa bwinobwino umaswa chitini chake, tizitsulo n'kuulukira kumaso kwa munthu. Ndiye kampani inaitanitsa galimoto zonse zotere kuti ikasinthe ulere. Vuto n'lakuti chitsulo chosinthiracho sichinafike m'dziko muno.

Ndaseka. Loweruka n'kutali! Masiku asanu athunthu! Nyumba ino tinafolera masiku awiri, mowa uli pambali.

Che Amidu sanaseke. Angopukuta manja.

Lachiwiri

M'mawa. Ndaimbira Esinati.

"N'zoona, amalume. Kalata inabwera kalekale, uno ndi mwezi wachisanu ndi chitatu ndikudikira. Galimoto ikuyenda bwinobwino, mbali yanga ilibe vuto, koma pampando winawo anati pasakhale munthu. Mukhala kumbuyo. N'kofewanso."

N'kofewanso! Mwana amene ndinkamunyamula pakhosi popita kumunda!

Ndamupempha nambala ya ku galaja kumene akudikirako. Vuto la ana a masiku ano sadziwa kudandaula. Amayamba ndi mkwiyo. Munthu umayamba ndi moni, kufunsa za ana, za mvula, kenako nkhani imalowa yokha.

Ndaimba. Choyamba nyimbo. Nyimbo yabwino ndithu, ya limba, ndagwedezera mutu mpaka mayi a kunyumba afunsa ngati ndikudwala. Kenako mtsikana. Waulemu! Ndi wa ku Dedza, mbatata kwawo zachita bwino chaka chino, agogo ake akuvutika ndi msana. Ndamufotokozera zonse: Limbani ndani, anakumana bwanji ndi mtsikana wa ku Khombedza, chifukwa chake nkhoswe ndine osati wina. Wamvetsera mpaka kumapeto.

"Chitsulocho chili m'njira, bambo."

Ndati njira iti, mayi, ndikachichingamire?

"Chili pa sitima ya pamadzi. Ndakulembani pa mndandanda."

Ndili pa mndandanda! Esinati miyezi isanu ndi itatu, ine foni imodzi basi. Sitima ndimazidziwa ine, ndakulira m'mphepete mwa nyanja. Ikachedwa kwambiri ndi tsiku limodzi, mwera ukavuta.

Masana. Kwabwera Bisalomu, msuweni wanga, nkhoswe yaing'ono. Tinabadwa mvula imodzi, ine poyamba dzinja, iye nthawi ya dowe. Aliyense amadziwa zimenezi kupatula iyeyo. Zaka zonsezi pamaliro, paukwati, pamilandu, amathamangira mpando wokhala ndi chotsamira.

Wazungulira galimoto katatu. Waima pachitseko chakutsogolo, akusisita.

"Bondo langali silipindika, achimwene. Adokotala anati ndiziwongola mwendo."

Ndamuuza kuti bondolo likhoza kukhala kutsogolo, mwini wake kumbuyo.

Za chithumba sindinamuuze. Kumuuza Bisalomu n'chimodzimodzi kulengeza pa msika wa Khombedza.

Zoti ndichite:
- kusita jekete
- kupolisha nsapato, zonse ziwiri
- kuphunzira kutsika osagwira pansi
- kusankha nkhope. Yoseka kapena yaulemu? Mwina yaulemu mpaka pa mlatho wa ku Khombedza, yoseka polowa m'mudzi.

Lachitatu

Ndadzuka ndi nzeru! Yangobwera yokha ndikutsuka m'kamwa!

Mdani ndi chinyezi, eti? Chaka chatha foni ya mayi a kunyumba inagwera mu ngalande ya ku sikimu ya mpunga. Inafa. Inafa ndithu, tinaikhuza. Mkazi wa aphunzitsi anati ikwirireni mu mpunga. Masiku atatu, foni inadzuka n'kuyamba kulira ngati sinamwepo madzi. Lero Lachitatu. Lachinayi, Lachisanu, Loweruka. Masiku atatu!

Ndipo kodi kuno n'kuti? Ku Lifuwu! Azungu a kampaniyo akuvutika ndi sitima chifukwa alibe mpunga wabwino.

Kiyi ndampeza. Anali m'chitini cha mchere. Zaka makumi anayi ndi zisanu tili limodzi, akuganizabe kuti sindidziwa chitini cha mchere.

Mayi a kunyumba apita kumunda. Ntchito yagwirika motere:
- thumba limodzi pampando, nditalimasula kukamwa
- lina pansi, popondera
- kabokosi ka m'dashibodi ndadzaza thoo
- timabowo totulukira mphepo ndathiramo ndi supuni, pang'onopang'ono, chifukwa ndi timene tayandikana kwambiri ndi chithumbacho
- magalasi onse ndawasiya otseka, kuti dzuwa lithandizire

Ndaimirira chapatali n'kumayang'ana. Ndikuchita kumva chinyezi chikutuluka m'wongamo, chikulowa mu mpunga. Ndavina pang'ono kuseri kwa nkhokwe. Mbuzi zokha ndizo zaona.

Chinthu chimodzi ndinene, pondilemekeza ine mwini. Pampandopo sindinakhalepo. Chitseko chinali chotsegula, panalibe munthu, koma ayi. Tsiku loyamba kukhala kutsogolo likhale tsiku lenilenilo, anthu akuona.

Madzulo. Mayi a kunyumba: "Mpunga wa alendo uli kuti?"

Ndati uli pantchito.

Andiyang'ana nthawi yaitali. Kenako apita kukayang'ana m'chitini cha mchere.

Lachinayi

Che Amidu adutsa pa njinga yawo, akupita kukagula mpunga ku sikimu. Aima. Asuzumira pagalasi. Atsika panjinga. Asuzumiranso.

"Astaghafirulahi. Akulu, mukuphika?"

Ndawafotokozera za foni. Akhala pansi pa mtondo wosinjira, chipewa chili m'manja, mapewa akugwedezeka. Akuti chinyezicho chinalowa kwa zaka, chili m'kati mwa chitini chomata, mpunga sungachipeze ngakhale nditathira sikimu yonse. Ndiyeno akuti mdani wachiwiri ndi kutentha. Kutentha! Ine dzulo lonse ndatsekera galimoto padzuwa la Salima!

Bwanji osanena Lolemba? Akuti ananena, ine ndinali pakati pofotokoza za denga.

Ndathamanga. Mikeka itatu pamwamba pa galimoto, mphasa ya alendo pagalasi lakutsogolo, bulangete kumbuyo. Magalasi sindidziwa potsitsira, ndiye ndatsegula zitseko zonse zinayi kuti ipume.

Nkhuku zamva.

Sindinadziwe kuti tili ndi nkhuku zambiri chonchi. Zina si zathu n'komwe. Ndikatulutsa mbali ino zikulowera mbali inayo. Imodzi yakhala pachiwongolero ngati ili ndi laisensi. Ndatseka zitseko, imodzi yatsalira m'kati. Ndatsegula, zalowa zitatu.

Mayi a kunyumba ali pakhonde, akusankha nyemba, osadzuka n'komwe. "Mukamaliza mukolopemo."

Ndakolopa.

Masana ndaimbanso ku galaja. Nyimbo yomwe ija, tsopano ndikuitha. Wayankha mnyamata wina, wa ku Dedza uja akuti ali pa tchuthi. Ndafunsa kuti sitima yafika pati.

"Sitima iti, bambo?"

Ndati ija ili ndi chitsulo changa.

Wagogoda makina ake nthawi yaitali. "Pano zikuonetsa kuti ku fakitale sanayambe kutumiza. Galimoto zake n'zambiri. Dziko lonse lapansi likudikira, bambo, si inu nokha."

Dziko lonse lapansi! Ndaika foni pansi mtima uli mbee, sindikudziwa chifukwa chake. Tangoganizani: kwinakwake kuli mzungu wolemera, wa nyumba yosanja, nayenso akumukhazika kumbuyo. Ine ndi iyeyo mndandanda umodzi! Ndauza mayi a kunyumba. Akuti ndimulembere kalata adzatithandize kukolopa.

Kwatsala masiku awiri. Mutu ukugwirabe ntchito.

Lachisanu

Nzeru ina! Ngati chithumba sichikonzeka, tikonze munthu.

Zimene ndasonkhanitsa kusanatenthe:
- chisoti cha njinga yamoto, chobwereka kwa mpongozi wa Che Amidu, galasi lake losweka pang'ono
- jekete loyandamitsa la m'boti, lofiira
- chivundikiro cha mphika waukulu, cholowetsa m'kati mwa jeketelo, pachifuwa
- magolovesi a fetereza
- pilo

Ndavala zonse pamwamba pa suti. Ndikupuma movutikira, koma ndikupuma. Ndayenda kuchokera pakhomo mpaka pagalimoto. Galu wathu yemwe, amene ndinamulera ndi manja angawa, wandiuwa.

Mayi a kunyumba: "Mukupita kukapempha mkazi kapena kukafula njuchi?"

Ndati chisoticho ndikavula pa mlatho.

"Ndiye chithumbacho mwapangana nacho kuti chisaphulike kupitirira mlatho?"

M'chisoti simumveka bwino.

Ndili chomwecho, watulukira Bisalomu. Wavula chipewa ali patali. Bisalomu! Kuvula chipewa! Wamva zonse za chithumba kumsika, Che Amidu sasunga madzi m'kamwa.

"Akulu anga, ndaganiza bwino usiku wonse. Mpando wakutsogolo ndi wa wamkulu. Inu munayamba kuona dzuwa, ine ndine mwana. Khalani ndithu."

Zaka makumi asanu ndi awiri ndakhala ndikudikira mawu amenewa! Ndafuna kulira, koma dzanja silikufika kumaso. Ndati nanga bondo? Akuti lapola. Wandionetsa, wanjuta katatu.

Kenako chinachake chandilowa. Ndati ayi, mng'ono wanga, wodwala ndiye amayamba. Iye ayi, mkulu. Ine ayi, mlendo. Iye ayi, mwini mbumba. Tikuweramirana pachitseko ngati atambala awiri aulemu, chivundikiro chikungolira ngwee, ngwee m'chifuwa.

Esinati watipeza tili choncho. Watsika pa kabaza ndi chikwama chake, waima, wayang'ana mikeka pa galimoto, wayang'ana ine.

"Amalume ndi amenewa?"

Ndakweza golovesi.

Sanakalipe. Mwana woleredwa bwino. Wachotsa mikeka, watulutsa matumba, wachotsa nthenga pachiwongolero. Walowa, waliza injini, watsegula mphepo yoziziritsa ija.

Za timabowo ndinaiwala kumuuza.

Mpunga! Waaa! Kumaso, m'tsitsi la ku saluni, m'khosi mwa bulauzi! Ukutuluka osaleka!

Mayi a kunyumba aimba nthungululu. "Chinkhoswe sichinachitike, ukwati wayamba kale!"

Esinati wazimitsa injini. Walavula kambewu kamodzi. Walankhula pang'onopang'ono, ngati mmene ankalankhulira mayi ake zinthu zikafika poipa.

"Amalume. Ndi chisoti, popanda chisoti. Inu, kaya a Bisalomu, kaya bishopu. Pampando uwu sipakhala munthu. Ndinaika kale mayi anga m'manda, sindikufuna kuika inu chifukwa cha mpando."

Ndavula chisoti.

Komabe mawa n'kutali. Foni ndaitchaja, mwina a ku galaja aimba.

Loweruka

Sanaimbe.

Kulongedza. Kubuti kwalowa khasu, nkhwangwa, mkeka, mpando wopinda, zitenje, mabokosi a zakumwa, mpunga uja (ukununkhira chikopa, koma alendo sadziwa). Buti latsekeka Limbani atalikhalira.

Kwatsala tambala, uja tikukapereka kwa a kuchikazi. Ali m'dengu lake, wamkulu, wofiira, ndinamusankha ndekha. Kubuti angafe ndi kutentha. Kumbuyo tilimo anayi: mayi a kunyumba, ine, Bisalomu, Limbani ndi suti yake yoyera imene sikufuna nthenga.

Esinati wayang'ana dengu. Wayang'ana mpando wopanda munthu.

Ndati ayi. Ndati Esinati, mwana wanga, ayi.

"Kalatayo inati munthu, amalume."

Wamumanga lamba. Tambala! Lamba!

Ine pakati, pa kachitunda kaja, maondo kukhosi. Bondo la Bisalomu ladwalanso, lili pamwamba pa langa. Msewu ndikuuonera pakati pa phewa la Esinati ndi lipombo la tambala. Iye watulutsa mutu m'dengu, akuyang'ana uku ndi uku, mphepo yozizira ikumupepesa nthenga za m'khosi. Pa Salima wapolisi wa pamsewu wasuzumira, wamuyang'ana, watiyang'ana ife anayi, wangotikodola kuti pitani.

Nkhope imene ndinasankha ija sindinaigwiritse ntchito. Akanaiona ndani?

Khombedza. Anthu! Ng'oma, nthungululu, amayi ayala zitenje pansi kuchokera pamsewu. Galimoto yaima ndendende pamene pathera zitenjezo, chitseko chakutsogolo chili pakati penipeni. Magalasi ake ndi akuda, wa kunja saona m'kati pokhapokha atasuzumira. Nkhoswe ya kuchikazi, bambo wamtali wa tayi, yabwera ikuwomba m'manja mwaulemu, yawerama, yatsegula chitseko.

"Takulandirani, akuluakulu, mwayenda bwa..."

Kokoliliko!

Abale. Amayi ena akhala pansi. Woimba ng'oma wagwetsa ng'oma. Bambo wa tayi uja, poti ndi munthu wa mwambo, wamaliza moni wake mpaka kumapeto.

Ine ndatuluka chomaliza, chammbuyo, mbali ya ku ngalande, mwendo utachita dzanzi, nsapato imodzi itatsalira pansi pa Bisalomu.

Koma ntchito ndaigwira! Zimenezo zilembedwe. Ndalankhula mpaka amayi a mtsikana apukuta misozi. Anatibweretsera atsikana atatu ofundidwa zitenje, Limbani sanaphonye wake. Tambala ndampereka ndi manja awiri, ngakhale sitinayang'anane. Iwo atipatsa msoti woyera. Mbumba yalumikizana, ana akondwa, Esinati wavina mpaka kuvula nsapato.

Kungoti tsiku lonse palibe wanditchula dzina. Ndine "aja anabwera ndi abwana."

Pobwerera kutsogolo kwakhala msoti.

Lamulungu

Thupi lonse likuwawa. Kutchalitchi sindipita, nkhani yafika kale kumeneko, ikandiimire.

Esinati akunyamuka lero. Galimoto waiimika pamthunzi, pansi pa mtengo wa mango, akulongedza. Wandiona ndili pakhonde ndikuiyang'ana.

"Amalume, bwerani. Ikakhala chiimire, injini yozima, palibe chingachitike. Khalanipo."

Ndati zisiye, mwana wanga. Kenako ndapita kukavala jekete.

Ndakhalapo.

Eee. Ayi ndithu. Anthu amadya bwino kunjaku. Msana wonse walowa ngati m'phala. Mutu pake, mkono pake. Mayi a kunyumba abweretsa tiyi, kapu yalowa pamalo pake ndendende. Galasi lalikulu, dziko lonse lili poyera: khola la mbuzi, chimbudzi, mulu wa madeya. Sizikuyenda, koma zikuoneka bwino kwambiri.

Wondiona palibe, onse ali kutchalitchi. Ndakweza dzanja pang'ono kulonjera mbuzi. Dashibodi ndikuiyang'ana ndi diso limodzi. Ili phee. Nanenso phee. Ndayamba kuganiza kuti mwina ine ndi chithumbachi tikanamvana.

Phuuu!

Sindikudziwa kuti chitseko ndinatsegula bwanji. Ndadzipeza ndili m'mizere ya mbatata kuseri kwa khola, chafufumimba, ndikudzigwiragwira kumaso kuwerenga maso. Awiri. Mphuno ilipo.

Bango. Lagwera padenga la galimoto.

Esinati wagwira chitseko kuti asagwe. Mayi a kunyumba alowa m'nyumba kukasekera m'kati, poti ndi mkazi waulemu, koma nyumba yathu ilibe siling'i.

Andiitana kuti ndikamalize tiyi. Ndati ndakhuta.

Wapita cha m'ma teni, pampandopo ataikapo thumba la mbatata zomwe ndinaswa pogwa. Akuti mawa aimbanso ku galaja, mwezi wachisanu ndi chinayi ukuyamba. Ndamuuza kuti wa ku Dedza uja akabwerera amupatse moni.

Bango lija ndatola, ndadya. Linali losapsa.